Nyanja ndi Umoyo wa Anthu, Gawo Lachinayi: Kodi Pepala la Magazi Limanenanji?

Gawo lapitalo lidafotokoza za madzi akumwa m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja m'boma la Salima. Gawo lino likukamba za kapepala kamene anthu ambiri amabwera nako kuchokera ku chipatala, nakapinda, nakasunga m'kabuku ka kuchipatala osadziwa chimene kakunena. Kapepalaka ndi ka zotsatira za kuyeza magazi kumene achipatala amakutchula mwachidule kuti FBC, kutanthauza kuwerenga zonse zopezeka m'magazi.

Munthu wa ku Senga Bay, m'dera la Mfumu Yaikulu Maganga, akamadwaladwala kapena akamangomva kufooka, amayamba wapita ku chipatala chaching'ono chapafupi. Kumeneko kawirikawiri amambaya kachala kuti ayeze malungo, mwinanso kuchuluka kwa magazi. Zikavuta amamtumiza ku chipatala cha boma ku Salima, ulendo wa makilomita pafupifupi 20, kumene magazi amawerengedwa ndi makina a m'labotale. Makinawo amatulutsa mizere ya zilembo ndi manambala, ina ili ndi chizindikiro cha L, ina cha H. M'zipatala zambiri za m'dziko muno dotolo amakhala ndi odwala ochuluka omdikira panja, kotero amangoti, "Magazi ndi ochepa," kapena "Zonse zili bwino," ndipo mwini magazi amabwerera kwawo ndi mawu atatu okha pa nkhani ya mitu yambiri. Apa ndi pamene mphunzitsi ndi wachinyamata wotsiriza sukulu ali ndi udindo, pakuti kumudzi ndiwo amene amapatsidwa pepala kuti awerengere achibale.

Magazi amene amatengedwa

Choyamba ndi mantha. M'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje nizifalikira ku Phalombe, Thyolo ndi maboma ena a m'chigawo cha kummwera, ndipo anthu osalakwa adaphedwa. Nkhani zotere zimasiya chikayiko m'mitima, mwakuti ena amazengereza kutambasula mkono ngakhale pamaso pa namwino. Komatu masamu ake ndi osavuta. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana malita asanu kapena kuchepera pang'ono. Amene amatengedwa poyeza FBC ndi mamililita awiri mpaka anayi, osadzaza n'komwe supuni yaing'ono ya tiyi. Amathiridwa m'kabotolo ka chivindikiro chofiirira momwe muli mankhwala oletsa magazi kuundana. Thupi silisowa magazi amenewa, chifukwa m'mafuta a m'mafupa mumapangidwa maselo ofiira atsopano pafupifupi mamiliyoni awiri pa sekondi iliyonse.

Kale wogwira ntchito m'labotale ankawerenga maselo ndi maso pa galasi loonera tinthu tating'ono. Makina a masiku ano amatsata nzeru ya Wallace Coulter wa ku America, amene adalandira chiphaso cha umwini wa luso lake m'chaka cha 1953: maselo amadutsa pa kabowo kakang'ono limodzilimodzi, ndipo mphamvu ya magetsi imawawerenga ndi kuyeza kukula kwake. Pa pepala pamatuluka mizere khumi ndi isanu kapena kuposa, koma yonseyo ikunena za magulu atatu okha: maselo ofiira onyamula mpweya, maselo oyera amene anthu amawatcha asilikali a m'thupi, ndi tizidutswa toumitsa magazi pa bala.

Mzere wofunika kuposa yonse

Mzere woyamba kuuyang'ana ndi wolembedwa Hb kapena HGB. Himogulobini ndiye chinthu chofiira cha m'maselo chimene chimatenga mpweya wabwino m'mapapo ndi kuufikitsa ku ziwalo zonse. Dotolo akamati magazi achepa sakunena kuti madzi ofiira aphwera m'mitsempha ngati chitsime m'chilimwe. Akunena kuti himogulobini ndiye wachepa, kotero magazi asukuluka ndipo sakunyamula mpweya wokwanira. N'chifukwa chake wodwalayo amatopa msanga, amachita chizungulire, mtima umagunda mofulumira, ndipo zikhatho, lilime ndi m'kati mwa zikope mumayera.

Nambala yake ndi ya magalamu pa mamililita 100 alionse a magazi. Malinga ndi malire amene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza m'chaka cha 2024, bambo ali ndi magazi ochepa ngati Hb yake ili pansi pa 13, ndipo mayi wosayembekezera ngati ili pansi pa 12. Kwa mayi woyembekezera malire ndi 11, koma m'miyezi itatu yapakati ndi 10.5, chifukwa nthawi imeneyo madzi a m'magazi amachuluka mwachibadwa. Mwana wa miyezi 6 mpaka 23 malire ake ndi 10.5, wa zaka ziwiri mpaka zinayi ndi 11, ndipo wa zaka 5 mpaka 11 ndi 11.5. Makina ena amalemba magalamu pa lita, kotero wowerenga akaona 118 asadabwe: imeneyo ndi 11.8 yomweyo. Kwa mwana wosakwana zaka zisanu ndi kwa mayi woyembekezera, nambala yochepera pa 7 ikutanthauza kuchepa kwa magazi koopsa.

Vuto limeneli si la anthu owerengeka ayi. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa m'mabanja wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 63 pa 100 alionse a miyezi 6 mpaka 59 adali ndi magazi ochepa, pamodzi ndi amayi 33 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49.

Kukula kwa maselo

Hb imangonena kuti magazi achepa, siinena chifukwa chake. Mzere umene umalozako chifukwa ndi wa MCV, woonetsa kukula kwa selo lofiira lililonse. Kwa munthu wamkulu nambala yabwino ili pakati pa 80 ndi 100, ndipo kwa ana aang'ono imakhala yotsikirapo. Ikatsika, maselo ndi ang'onoang'ono, ndipo kawirikawiri ndiye kuti m'thupi mukusowa mchere wa ayironi, kaya chifukwa cha zakudya, kaya chifukwa magazi akutayika pang'onopang'ono penapake. Ikakwera kupitirira 100, maselo ndi akuluakulu koma ochepa, ndipo dotolo amaganizira za kusowa kwa vitamini B12 kapena foliki asidi, kumwa kachasu mopitiriza muyeso, kapena mankhwala ena amene munthuyo akumwa. Ikakhala pakati pomwe Hb ili yotsika, amaganizira za malungo, chifuwa chachikulu, kachilombo ka HIV, matenda a impso kapena kutaya magazi kwadzidzidzi.

Pali chinanso. Amalawi ambiri amabadwa ndi chibadwa chotchedwa alpha thalassaemia, chimene chimachititsa maselo kukhala aang'ono ngakhale ayironi ali wokwanira. Munthu wotere angamwe mapiritsi a ayironi chaka chonse MCV yake osasintha, ndipo nthawi zambiri sadwala nacho. Chibadwa china, cha maselo opindika ngati chikwakwa, ndicho chimavutitsa ana amene adachitengera kwa makolo onse awiri. Mwana amene magazi ake amachepa mobwerezabwereza, namatupa manja ndi mapazi kapena kulira ndi ululu wa m'mafupa, ayenera kuyezedwa mwapadera, pakuti FBC payokha siitsimikiza nthendayi.

Chimene chimadya magazi kunyanja

Pepala limodzimodzi limawerengedwa mosiyana malinga ndi kumene mwini wake amakhala. Ku Senga Bay kuli adani atatu a magazi amene dotolo aliyense amayamba wawaganizira.

Woyamba ndi malungo. Dera la kunyanja ndi lotsika ndi lotentha, ndipo madambo a Mpatsanjoka ndi minda ya mpunga ya ku Lifuwu zimasunga madzi momwe udzudzu umaswana. Tizilombo ta malungo timalowa m'maselo ofiira, nitichulukana, nitiwaphulitsa. Kapamba amachotsanso maselo ena amene sadagwidwe, ndipo mafupa amachedwa kupanga atsopano. Selo lofiira limene likadakhala masiku 120 limafa msanga. Mwana amene wadwala malungo katatu m'dzinja limodzi amafika mwezi wa Epulo magazi ake atasukuluka, ngakhale pakhomo pasasowe chakudya.

Wachiwiri ndi likodzo. Mazira ake amatuluka ndi mkodzo, amaswa m'madzi, ndipo tizilombo timalowa m'nkhono zazing'ono za m'mabango ndi m'madzi odikha. Tikachulukana m'menemo timatuluka ndi kuboola khungu la mwana wosambira, mayi wochapa kapena msodzi wokoka khoka. M'madera ena anthu adazolowera kuona mnyamata akukodza magazi mpaka kumayesa kuti ndi chizindikiro cha kukula, chonsecho ndi nthenda imene imatha magazi dontho ndi dontho kwa zaka zambiri, niwononga chikhodzodzo. Ofufuza amene adagwira ntchito ku Chembe m'boma la Mangochi adaona kuti nkhono zofalitsa likodzo zidachuluka pamene nsomba zodya nkhono zidachepa, ndipo m'chaka cha 2017 ku Mangochi komweko kudapezeka nkhono za mtundu wofalitsa likodzo la m'matumbo. Motero nkhani ya maukonde a maso ang'onoang'ono ndi nkhani ya magazi a ana a sukulu zimakumana pa gombe limodzi.

Wachitatu ndi njoka za m'mimba zoyamwa magazi, zimene zimalowera ku mapazi a munthu woyenda wopanda nsapato pa dothi lonyowa la mchenga pamene anthu amadzithandizira patchire.

Kuti zifukwa ndi zambiri zidatsimikizika ndi kafukufuku amene adachitika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku chipatala cha Chikwawa, nasindikizidwa m'chaka cha 2008 m'magazini ya madotolo ya New England Journal of Medicine. Ofufuzawo adayeza ana 381 a magazi ochepa koopsa, nawayerekeza ndi ana ena. Ambiri ankayesa kuti gwero lidzakhala kusowa kwa ayironi, koma sizidatero. Zimene zidapezeka ndi mabakiteriya m'magazi, malungo, njoka za m'mimba, kachilombo ka HIV, kusowa kwa vitamini A ndi B12, ndi chibadwa china chofooketsa maselo. Phunziro lake ndi lakuti kholo limene lamva kuti mwana ali ndi magazi ochepa lisathamangire ku golosale kukagula mankhwala owonjezera magazi lisanadziwe chimene chikuwadya. Madzi a masamba a mapeyala kapena a chidede ndi ofiira ndithu, koma kufiira kwake sikusanduka magazi, ndiponso sikupha likodzo.

Asilikali a m'thupi

Mzere wa WBC ukunena za maselo oyera. Kwa munthu wamkulu nambala yozolowereka ili pakati pa 4 ndi 11, kutanthauza zikwi za maselo m'kadontho kakang'ono kwambiri. Ikakwera, kawirikawiri thupi likulimbana ndi nthenda monga chibayo kapena chithupsa. Pansi pa mzerewu makina amagawa asilikaliwo m'mitundu. A NEU amachuluka pa matenda a mabakiteriya. A LYM amachuluka pa matenda a mavairasi, ndipo mwa ana aang'ono amakhala ambiri mwachibadwa. Mtundu wofunika kwa anthu a kunyanja ndi wa EOS, chifukwa umachuluka m'thupi mukakhala likodzo kapena njoka za m'mimba, ngakhale kuti umakweranso pa mphumu. Msodzi amene Hb yake ndi yotsika, MCV yotsika, ndipo EOS yokwera, pepala lake likupempha kuti mkodzo ndi chimbudzi chake ziyezedwe.

Anthu ambiri a mu Africa ali ndi maselo a NEU ocheperapo kusiyana ndi azungu, ndipo ichi ndi chibadwa chabe, si nthenda. Popeza malire osindikizidwa pa mapepala ambiri adachokera ku mayiko a ku Ulaya ndi America, Mmalawi wathanzi angathe kuona L pa mzerewu. N'chifukwa chake akatswiri a m'dziko muno, monga Wilson Mandala ndi anzake amene adasindikiza zofufuza zawo m'chaka cha 2017, adayeza magazi a Amalawi athanzi a misinkhu yosiyanasiyana kuti padziwike manambala oyenera anthu a kuno. Komabe WBC ikakwera modabwitsa, kapena magulu onse atatu akatsika pamodzi, wodwala amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe kuti akaone ngati vuto lili m'mafupa momwe magazi amapangidwira.

Mzere wa PLT ndi wa tizidutswa toumitsa magazi, ndipo nambala yabwino ili pakati pa 150 ndi 400. Malungo amaitsitsa kawirikawiri, ndipo imabwerera yokha munthu akachira. Imatsikanso kapamba akatupa, pa HIV, ndiponso kwa mayi woyembekezera amene magazi ake akuthamanga kwambiri. Ikatsika kufika cha m'ma 20, makamaka ngati munthu akutuluka magazi m'nkhama kapena kamfuno, nkhaniyo ndi yachangu.

Chilembo si chigamulo

L akutanthauza kutsika ndipo H kukwera, koma makina sadziwa mwini magazi. Malire amaikidwa kuti akwane anthu athanzi 95 pa 100 alionse, kotero asanu otsalawo amagwera kunja popanda nthenda iliyonse. Pa pepala la mizere khumi ndi isanu n'chapafupi kuti mzere umodzi usemphane pang'ono. Malo okhala nawonso amasintha manambala: nyanja ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pa nyanja yamchere, Lilongwe ali pa mamita oposa 1,000, ndipo Dedza ali pamwamba kuposa apo, kotero anthu a kumapiri amakhala ndi Hb yokwererapo. Munthu wotsegula m'mimba amene watha madzi m'thupi angaoneke ngati ali ndi magazi ambiri pomwe alibe. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha: nambala imodzi imamveka bwino ikaikidwa pafupi ndi inzake ya mwezi watha, n'chifukwa chake mapepala akale sayenera kutayidwa.

Wowerenga adziwenso zimene FBC siinena. Siyeza HIV, siyeza shuga, siinena gulu la magazi a munthu, ndipo siilowa m'malo mwa kuyeza malungo. Chilichonse mwa izi chili ndi kayezedwe kake.

Pamene nthawi yathina

Mwana amene zikhatho zake zayera mbee, akupuma movutika, akukana kuyamwa kapena wangoti lefu, sayenera kudikira kuti kuche. Malangizo a WHO amati mwana wa Hb yochepera pa 4 aikidwe magazi, chimodzimodzinso wa 4 mpaka 6 amene akubanika kapena kukomoka. Magazi amenewo sagwa ngati mvula. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2003, limadalira kwambiri ophunzira a m'sukulu za sekondale ndi makoleji, kotero sukulu zikatsekera magazi amachepa m'nkhokwe, ndipo tchuthi cha Disembala chimagwa pamene nyengo ya malungo ikuyamba. Wachinyamata amene adapereka magazi ali pa sukulu nasiya atalemba mayeso a Fomu 4 aganizirepo bwino pamenepa.

Kutuluka m'chipatala si kutha kwa ngozi. Ana ambiri amene adaikidwa magazi amadwalanso kapena kumwalira m'miyezi yotsatira. Kafukufuku amene adatsogolera ndi Kamija Phiri kuno ku Malawi, wosindikizidwa m'chaka cha 2012, pamodzi ndi wina wa ku Kenya ndi Uganda, adaonetsa kuti kupatsa ana otere mankhwala a malungo pa nthawi zoikika atabwerera kunyumba kumachepetsa ngoziyo, ndipo m'chaka cha 2022 bungwe la WHO lidavomereza njirayi. Kholo lili ndi ufulu wofunsa tsiku lobweranso ndi mwanayo kuti Hb iyezedwenso.

Kwa amene adokotala atsimikiza kuti akusowa ayironi, mapiritsi amamwedwa miyezi itatu kapena kuposa, osati kusiya thupi likangoyamba kupepuka. Chimbudzi chimada, ndipo zimenezo si zoopsa. Usipa wodyedwa wathunthu, nyemba, chiwindi, bonongwe, khwanya ndi chisoso zimathandiza, makamaka zikatsagana ndi malambe, bwemba kapena ndimu, pomwe tiyi womwera pa chakudya amatsekereza ayironi kulowa m'thupi. Mayi woyembekezera apite ku sikelo msanga kukalandira mapiritsi a magazi, mankhwala oteteza ku malungo ndi masikito.

Udindo wa boma ndi wa sukulu

Makina owerenga magazi amafuna magetsi, amisiri owakonza, ndi mankhwala ogulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Pamene Kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa zinthu zonse zoitanitsa kunja udakwera, za m'labotale zomwe. Makina akaima, dotolo amatsala ndi maso ake ndi zikhatho za wodwala, ndipo wosauka ndiye amavutika chifukwa sangathe kulipira ku chipatala cha eni. Makomiti a zaumoyo a m'midzi, makhansala ndi aphungu a m'boma la Salima akamakambirana za chuma cha chipatala, mankhwala a m'labotale awaike pamodzi ndi mankhwala a odwala, pakuti kuchiza popanda kuyeza n'kuponya mbedza m'madzi osadziwika.

Sukulu nayo ili ndi mbali yake. Mankhwala a praziquantel ophera likodzo ndi albendazole ophera njoka za m'mimba amagawidwa kudzera m'sukulu, ndipo kumene makolo sadafotokozeredwe bwino ana ena amajomba tsiku limenelo. Mphunzitsi amene angathe kulongosola mgwirizano wa nkhono, mkodzo wa magazi ndi mwana wosinza m'kalasi amakopa makolo kuposa chikalata chochokera ku likulu. Ayeneranso kuwakumbutsa kuti mwana adye asanamwe mankhwalawo.

Wowerengera mnzake pepala sali dotolo, ndipo asayese kulamula mankhwala. Ntchito yake ndi kuthandiza wodwala kufunsa mafunso anayi asanachoke m'chipinda: Hb yake ndi ingati, ndipo yoyenera msinkhu wake ndi ingati? Chikuchepetsa magazi n'chiyani? Kodi malungo, mkodzo ndi chimbudzi zayezedwa? Abwerenso liti kudzayezetsa? Safunsa adadya phula, ndipo mayankho a mafunso amenewa alembedwe m'kabuku ka kuchipatala kuti dotolo wina adzawapeze.

Gawo lachisanu lidzafotokoza za kuthamanga kwa magazi ndi nthenda ya shuga pakati pa asodzi ndi ochita malonda a nsomba.